Nkhope ndi Khalidwe: Mmene Madokotala Amazindikirira Zotupa Zachilendo za Pakhungu la Ana

Mawu Oyamba

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2022, ndili patchuthi kumudzi, mlongo wanga anandiitanira kuseri kwa nyumba nandionetsa tsaya la mwana wake wamkazi wa zaka 7. Patsayapo panali kachotupa kosalala, kolimba ndi kofiirira, kukula kwake ngati njere ya chimanga. Mlongo wangayo anati kanayamba ngati polumidwa ndi udzudzu, koma m'miyezi inayi yokha kanali katafika pamenepo, ndipo tsiku lina mwanayo atakanda panatuluka magazi. Kuchipatala chaching'ono anali atauzidwa kuti ndi njerewere ndipo idzatha yokha. Amayi athu, agogo ake a mwanayo, ankafuna kukamanga ndi ulusi kuti kafote n'kuthothoka. "Achimwene," anatero mlongo wanga, "inu ndinu amalume ake, komanso sukulu mwapita nayo patali. Tiuzeni chochita."

Ine ndimaphunzira zinenero, osati zachipatala. Komabe umalume sufunsa kuti unaphunzira chiyani. Kwa miyezi ingapo ndinakhala woperekeza, wofunsa mafunso ndiponso womasulira mapepala a kuchipatala kwa abale. M'nkhani ino ndifotokoza zimene ndinaphunzira za mmene madokotala amazindikirira zotupa zochokera ku maselo opatsa khungu mtundu mwa ana. Ndionetsa chifukwa chake ntchitoyi imavuta ngakhale akatswiri, ndipo pomaliza ndikamba za vuto la mawu limene ife ophunzira zinenero tiyenera kuliganizira.

Maselo Opatsa Khungu Mtundu

Pansi pa gawo lapamwamba la khungu pali maselo otchedwa melanocyte. Ntchito yawo ndi kupanga melanini, chinthu chimene chimadetsa khungu ndi tsitsi komanso kuteteza thupi ku cheza choopsa cha dzuwa. Munthu wakuda ndi mzungu ali ndi maselowa ochuluka mofanana. Chimene chimasiyana ndi kuchuluka ndi mtundu wa melanini amene maselowo amapanga.

Nthawi zina maselo amenewa amachulukana n'kuunjikana pamalo amodzi. Akatero pamaoneka kadontho kakuda kapena kachotupa, kamene madokotala amakatcha nevus. Pafupifupi munthu aliyense ali ndi timadontho totere ndipo tambiri tilibe vuto. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 100 amabadwa kale ndi kabanga ka mtundu umenewu. Palinso mawanga otuwa mobiriwira amene makanda ambiri a anthu akuda amabadwa nawo m'chiuno ndi m'matako. Amenewa amazilala okha mwana akamakula.

Koma maselo omwewa akhoza kusanduka khansa yotchedwa melanoma. Khansa imeneyi ndi yoopsa chifukwa imafalikira msanga kudzera m'magazi ndi m'mitsempha yopita ku anabere. Ikapezeka idakali yopyapyala, kuidula kokha kumachiza anthu ambiri. Ikazama, nkhani imakhala ina. Mwamwayi, mwa ana amene sanathe msinkhu melanoma ndi yosowa kwambiri, ndipo mwa ana akuda ndi yosowa koposa. Tsono kusowa komweku ndiko kumabweretsa vuto: chinthu chimene munthu sachiyembekezera sachifunafunanso.

Dzina Limene Linasocheretsa Anthu

Mu 1948, Sophie Spitz, dokotala woyeza zidutswa za thupi pa Memorial Hospital ku New York, analemba za ana 13 amene anali ndi zotupa zodabwitsa. Pa maikulosikopu, maselo a zotupazo anali aakulu ndi oopsa maonekedwe ngati a melanoma ya akuluakulu. Chikhalirecho, ana 12 mwa iwo anakhala bwinobwino. Mmodzi yekha, wa zaka 12, ndiye anamwalira matendawo atafalikira. Spitz anatcha zotupazi dzina lotanthauza kuti melanoma ya ana, ndipo ankaganiza kuti pali china m'thupi la mwana wosatha msinkhu chimene chimaletsa khansayo kufalikira.

Pambuyo pake zinadziwika kuti zambiri mwa zotupazi si khansa ayi, komanso kuti zimapezeka ndi mwa akuluakulu omwe. Dzina loyambalo linasiyidwa chifukwa mawu akuti melanoma ankachititsa mantha ndipo akanapangitsa kuti ana achitidwe maopaleshoni aakulu popanda chifukwa. M'malo mwake zotupazi zinapatsidwa dzina la mayiyo, Spitz nevus. Iye anamwalira mu 1956 ali ndi zaka 46, koma funso limene anadzutsa likadali ndi moyo: mwa ana 13, kodi mmodzi wa pangoziyo tingamudziwe bwanji nthawi isanathe?

Apa pali mfundo imene nkhani yonseyi yatsamirapo. Chotupa chili ndi nkhope, ndiko kuti maonekedwe ake, ndiponso chili ndi khalidwe, ndiko kuti zimene chidzachite m'thupi. Mwa akuluakulu, nkhope ndi khalidwe nthawi zambiri zimayendera limodzi. Mwa ana zimasemphana. Spitz nevus ili ndi nkhope ya khansa koma khalidwe lofatsa, pamene melanoma yeniyeni ya mwana imatha kuvala nkhope ya njerewere.

Zimene Dokotala Amafunsa ndi Kuona

Titafika kuchipatala chachikulu cha mumzinda, ndinadabwa kuti adokotala a khungu anatha nthawi yaitali akufunsa asanakhudze n'komwe mwanayo. Anafuna kudziwa ngati anabadwa nako kachotupako, kuti kanayamba liti, kakula mofulumira bwanji, kasintha mtundu kapena ayi, kamatuluka magazi kokha kapena akakanda, ndiponso ngati panapakidwa kapena kutemeredwa mankhwala alionse. Mbiri imeneyi ndi theka la ntchito. Spitz nevus kawirikawiri imamera mwadzidzidzi kumaso kapena m'miyendo, imakula msanga kwa miyezi ingapo, kenaka imaima. Zina zimafota zokha pakapita zaka. Melanoma siima.

Pofuna kuthandiza anthu kuzindikira melanoma, madokotala a ku New York University anakonza mu 1985 zilembo zokumbutsa za ABCD, ndipo mu 2004 anawonjezerapo E. Chilembo chilichonse chikuimira mawu a Chingerezi. Tanthauzo lake ndi ili: mbali ziwiri za kadontho n'zosafanana, m'mphepete mwake n'mokhotakhota, kali ndi mitundu ingapo, kapitirira mamilimita 6, ndipo kakusintha. Zizindikiro zimenezi zinachokera pa odwala akuluakulu.

Mu 2013, Kelly Cordoro ndi anzake ku San Francisco anaunika mbiri ya ana ndi achinyamata 70 ndipo anapeza kuti mwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi, 60 pa 100 alionse analibe zizindikiro zozolowerekazi. Mwa a zaka 11 mpaka 19, anali 40 pa 100 alionse. Choncho iwo anapereka zizindikiro zina zoyenera ana: chotupa chopanda mtundu wakuda, chotukuka kapena chotuluka magazi, cha mtundu umodzi ponseponse, chomera pamene panalibe kadontho kale, ndipo cha kukula kulikonse. Munthu akaziwerenga bwino zizindikirozi aona kuti zikufotokozanso njerewere, komanso kachotupa kofiira kotuluka magazi msanga kamene madokotala amakatcha pyogenic granuloma. N'chifukwa chake sindiimba mlandu amene anayamba kumuona mwana wathu. Mwa ana 100 obwera ndi kachotupa kotere, pafupifupi onse amakhaladi ndi zinthu wambazi. Kuno kwathu dokotala amaganiziranso khansa ya Kaposi, imene imabweretsa mawanga ndi zotupa zoderako pakhungu ndipo imapezeka ndi mwa ana omwe.

Adokotala aja anatulutsa kachipangizo kokhala ngati tochi kotchedwa dermoscope, kamene kamakuza chinthu pafupifupi kakhumi ndi kuonetsa za m'kati mwa khungu zimene maso paokha saona. Spitz nevus yakuda imaonetsa timizere totuluka mozungulira ngati nyenyezi. Yofiira imaonetsa timitsempha ta magazi tokhala ngati timadontho tondandalikidwa mofanana. Chimene dokotala amafuna kwenikweni ndi dongosolo: kodi mbali zonse zikufanana? Kachotupa kakang'ono, kadongosolo, mwa mwana wamng'ono, madokotala ambiri amakajambula n'kumakaona pakapita miyezi ingapo. Koma kakakhala kotukuka kwambiri, kopitirira sentimita imodzi, kachilonda, kosafanana mbali zake, kapena mwana akapitirira zaka 12, amakachotsa. Ka mwana wathu kanali kotukuka, kolimba ndi kachilonda pamwamba. Adokotala anapapasanso m'khosi ndi kuseri kwa makutu kufuna mwanabere, koma sanapeze kanthu.

Anatiphunzitsanso chinthu china chokhudza ife anthu akuda. Melanoma mwa ife imakonda kumera malo osawombedwa dzuwa: kuphazi, m'manja ndi pansi pa zikhadabo. Woimba wa ku Jamaica, Bob Marley, anapezeka ndi melanoma pachala cha kuphazi mu 1977 ndipo anamwalira nayo mu 1981 ali ndi zaka 36. Motero poyeza mwana, nsapato nazo ziyenera kuvulidwa.

Kudula ndi Kuyeza

Maso ndi dermoscope zimangopereka chikayikiro. Yankho limachokera pa kuchotsa chotupacho ndi kukachiyeza ku labotale. Apa ndi pamene banja lathu linagawikana. Amayi anakana kwamtuwagalu. "Iwe," anandiuza, "sunamve kuti khansa ikalawa mpeni imalusa? Ukufuna kupha mdzukulu wanga?" Mantha amenewa ndi ofala ndipo ali ndi gwero lake. Anthu ambiri amafika kuchipatala khansa itafalikira kale, amachitidwa opaleshoni, n'kumwalira posakhalitsa. Otsala amati wapha ndi mpeni, chonsecho chapha ndi kuchedwa. Kudula kachotupa ka pakhungu kuti kakayezedwe sikufalitsa khansa.

Choopsa chenicheni ndi njira zimene amayi ankafuna. Kumanga ndi ulusi, kuwotcha, kutemera kapena kupaka utomoni woyabwa kumachotsa gawo looneka, koma mizu imatsala pansi ndipo umboni umawonongeka. Dokotala woyeza amafunika kuona chotupa chonse, kuchokera pamwamba mpaka pansi ndiponso mbali zonse ziwiri, chifukwa chiweruzo chake chimadalira kamangidwe ka chotupacho. N'chifukwa chakenso madokotala amakonda kuchotsa chonse pamodzi ndi kakhungu pang'ono kozungulira, osati kungosenga pamwamba.

Monga mwinimbumba ndinakhala pansi ndi amayi, mlongo wanga ndi alamu anga mpaka tinamvana. Opaleshoniyo inali yaifupi. Kachotupako kanaikidwa m'kabotolo ka mankhwala a formalin, amene amaletsa kuwola, n'kutumizidwa ku labotale. Kumeneko kachidutswa kotere kamaumitsidwa m'phula, kamadulidwa timagawo topyapyala kuposa pepala, timagawoto timaikidwa pagalasi n'kupakidwa utoto wofiira ndi wabuluu kuti maselo aoneke.

Pa maikulosikopu, dokotala woyeza amafunsa mafunso angapo. Poyamba, kodi mbali ya kumanja ikufanana ndi ya kumanzere, ndipo malire a chotupa ndi oonekeratu? Chachiwiri, kodi maselo akunka nachepa akamatsikira pansi? Mu nevus yofatsa maselo a pamwamba amakhala aakulu, a pansi aang'ono ndi omwazikana, ndipo akatswiri amati maselowo akukhwima. Mu melanoma maselo a pansi amakhala aakulu ndi othithikana ngati a pamwamba. Chachitatu, ndi maselo angati amene agwidwa ali m'kati mogawikana, ndipo ali pati? Ochepa a pamwamba savuta mwa mwana, koma ambiri a pansi penipeni amadetsa nkhawa. Chachinayi, kodi pali chilonda, ndipo chotupacho chafika pa mafuta a pansi pa khungu? Ikakhala melanoma, amayezanso kuzama kwake m'mamilimita, njira imene Alexander Breslow anaifotokoza mu 1970, pakuti kuzamako ndiko kumalosera kwambiri za m'tsogolo.

Pamene Akatswiri Sagwirizana

Ine ndinkaganiza kuti maikulosikopu ili ngati sikelo ya pamsika, yoti aliyense woyang'ana aona nambala yomweyo. Si choncho. Mu 1999, Raymond Barnhill ndi anzake anapereka zotupa 30 kwa akatswiri 10 odziwika bwino kuti aliyense aweruze payekha. Pa zotupa za mtundu wa Spitz akatswiriwo anasiyana maganizo kwambiri, ndipo zina zimene zinapha odwala zinali zitaweruzidwa ndi ambiri mwa iwo kuti n'zosaopsa. Kafukufukuyu anaonetsa kuti vuto silinali umbuli wa munthu mmodzi, koma kuti pali zotupa zimene nkhope yake siulula khalidwe lake.

Pa chifukwa chimenechi, madokotala anavomereza kuti mayina akhale atatu, osati awiri. Buku la World Health Organization la mu 2018 losanja zotupa za pakhungu linaika mbali imodzi Spitz nevus, imene ndi yofatsa, mbali ina khansa yeniyeni ya mtundu wa Spitz, ndipo pakati pake atypical Spitz tumour, chotupa chokhala ndi zizindikiro zina zodetsa nkhawa koma zosakwanira kuchitcha khansa. Dzina lapakatili ndilo linalembedwa papepala la mwana wathu patapita milungu isanu ndi iwiri. Dokotala woyeza anali atatumizanso zithunzi za magalasiwo kwa mnzake wina kuti aonepo. Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo pa zotupa za ana kufunsa mnzako si kulephera ayi, ndi mbali ya ntchito.

Pali mayeso ena amene amathandiza pa zotupa zovutazi. Ena amagwiritsa ntchito utoto wapadera woonetsa ngati maselo akadali ndi puloteni yotchedwa p16, imene ili ngati mabuleki a selo. Ikasoweratu, chikayikiro chimakula. Ena amayeza majini, tizinthu ta m'maselo tonyamula malangizo a thupi. Mu 2014, Thomas Wiesner ndi anzake anapeza kuti pafupifupi theka la zotupa za mtundu wa Spitz zimayamba majini awiri akalumikizana molakwika, ndipo majini okhudzidwa ndi monga ALK, ROS1, NTRK1, RET ndi BRAF. Zina zimayamba ndi kusintha kwa jini ya HRAS. Kupeza zimenezi kumatsimikiza kuti chotupacho ndi cha banja la Spitz, koma pakokha sikunena kuti ndi khansa kapena ayi. Chimene chaoneka kuti chimayendera limodzi ndi kufalikira koopsa ndi kusintha kwa gawo lolamulira jini ya TERT. Mayeso a majiniwa ndi okwera mtengo ndipo ife sitinawafikire.

Chinanso chodabwitsa chikukhudza anabere. Mwa munthu wamkulu wa melanoma, madokotala amatha kuchotsa mwanabere woyandikana ndi chotupa kuti aone ngati maselo afikako, ndipo akawapeza ndi chizindikiro choipa. Mwa odwala a zotupa zapakatizi si mmene zilili. Mu 2014, Aimilios Lallas ndi anzake anasonkhanitsa zolembedwa za odwala oposa 500. Mwa amene anayezedwa mwanabere, 39 pa 100 alionse anapezeka ndi maselo kumeneko, koma pafupifupi onsewo anali moyo patapita zaka pafupifupi zisanu. Chifukwa cha umboni wotere, madokotala ambiri anasiya kuchotsa anabere mwa ana a zotupa zapakati. Chimene amachita ndi kuonetsetsa kuti chotupa chachoka chonse, kenaka kumuona mwanayo nthawi ndi nthawi. Mwana wathu anadulidwanso kachiwiri pang'ono chifukwa maselo ena anali atafika m'mphepete mwa kachidutswa koyamba.

Ana Ofunika Diso Lapadera

Pali magulu a ana amene chikayikiro chiyenera kubwera msanga. Loyamba ndi la obadwa ndi banga lalikulu lakuda, nthawi zina laubweya, lokuta msana kapena chiuno. Izi zimachitika mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 20,000. Ambiri mwa iwo sadwala khansa, koma ngozi yawo ndi yokulirapo ndipo imatha kubwera adakali aang'ono. M'mabanga amenewa mumameranso timibulu tofatsa tofanana ndi melanoma pa maikulosikopu, choncho vuto lija la nkhope ndi khalidwe limabweranso. Gulu lachiwiri ndi la ana a matenda otengera kwa makolo otchedwa xeroderma pigmentosum, amene maselo awo satha kukonza zimene dzuwa lawononga. Iwowa amachita mawanga ambiri kumaso ndipo amadwala khansa za pakhungu ali ana. Gulu lachitatu ndi la ana achialubino. Iwo ali nawo maselo a melanocyte koma amapanga melanini wochepa kwambiri. Khansa imene imawavutitsa kwambiri imachokera ku maselo ena a khungu, osati a melanini, koma kachilonda kalikonse kosapola pa iwo n'kofunika kukayezetsa msanga.

Vuto la Mawu

Pepala la zotsatira linali m'Chingerezi. Adokotala atatifotokozera, mlongo wanga anafunsa funso limene mayi aliyense angafunse: "Adokotala, ndiye ndi khansa kapena si khansa?" Iwo anayankha moona mtima kuti sangaitche khansa, komanso sangalonjeze kuti palibiretu ngozi. Ndinayenera kunyamula yankho limenelo kupita nalo kumudzi, ndipo m'basi monse ndinali kulimbana ndi mawu.

Liwu lakuti chotupa ndi lotakata kwambiri. Chithupsa ndi chotupa, mwanabere ndi chotupa, pomenyedwa pakatupa ndi chotupa. Ndikanena kuti ndi chotupa chabe, abale akanaleka kupita naye mwanayo kokaonedwa. Liwu lakuti khansa nalo ndi lolemera mopitirira. Kwathu limamveka ngati uthenga wa maliro, ndipo ndikanalitchula, ena akanayamba kulira, ena akanathamangira kwa sing'anga. Liwu la Chingerezi lofotokoza gulu lapakati lija lingamasuliridwe kuti chachilendo, monga ndachitira pamutu wa nkhani ino. Koma kumudzi, matenda achilendo ndi matenda ochita kutumizidwa ndi munthu. Ndikanati mwanayu ali ndi chotupa chachilendo, funso lotsatira likanakhala lakuti, "Wachita ndani?" Ngakhale liwu lakuti majini lili ndi msampha. M'mabuku a sayansi likutanthauza tizinthu ta m'maselo, koma kwa anthu ambiri majini ndi mizimu yogwira munthu. Taganizani mayi wokalamba akuuzidwa kuti vuto la mdzukulu wake lili m'majini!

Chimene chinandipulumutsa ndi bowa. Amayi ndi katswiri wozula bowa ndipo ndiwo anatiphunzitsa kuti pali bowa wakupha wofanana kwambiri ndi wodyedwa. Ndinati: "Amayi, mukapeza bowa woti nkhope yake ikukukayikitsani, mumatani?" Anati amautaya, saika m'mphika. Ndinafunsanso ngati amatentha thengo lonse chifukwa cha bowa umodziwo, ndipo anaseka. Ndinawauza kuti madokotala achita chimodzimodzi. Kachotupa kaja kanali ndi nkhope yokayikitsa, choncho akachotsa konse, koma sanaone chifukwa chomupatsira mwana mankhwala amphamvu a khansa. Chatsala ndi kumapita kukaona ngati pamalopo pameranso kanthu. Amayi anamvetsa, ndipo ndiwo amene amakumbutsa mlongo wanga tsiku la kuchipatala likayandikira.

Zilembo za ABCDE nazo sizithandiza munthu wosadziwa Chingerezi, pakuti mawu ake m'Chichewa sayamba ndi zilembo zimenezo. Chokumbutsa chotere sichimasuliridwa, chimapangidwa mwatsopano. Ine ndikupereka mawu anayi oyamba ndi ku- amene kholo lingasunge pamtima: kukula, kusintha, kukha magazi ndi kukana kupola. Kachotupa kapena kadontho ka mwana kakachita chimodzi mwa zimenezi kwa milungu ingapo, apite nako kuchipatala. Akauzidwa kuti ndi njerewere koma kakupitirirabe kukula, abwererenso ndi kupempha kuti atumizidwe kwa dokotala wa khungu. Kholo lingathandizenso pojambula kachotupako pafoni mwezi uliwonse, litaika ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kwake kuoneke, ndiponso posunga bwino kabuku ka kuchipatala ndi pepala la zotsatira.

Mawu Omaliza

M'nkhani ino taona kuti kuzindikira chotupa chochokera ku maselo a melanini mwa mwana si ntchito ya kuyang'ana kamodzi. Imayamba ndi mbiri imene kholo limapereka, imadzera pa maso a dokotala ndi dermoscope, imafika pa maikulosikopu, ndipo nthawi zina imafuna katswiri wachiwiri ndi mayeso a majini. Taonanso kuti pali njira ziwiri zolakwira. Kutcha khansa chinthu chofatsa kumabweretsera mwana zipsera, mankhwala opweteka ndi mantha osafunika. Kutcha khansa njerewere kumataya nthawi imene ikanapulumutsa moyo. Dzina lapakati lija linabwera pofuna kupewa zolakwa ziwiri zonsezi, ndipo dokotala wolinena sakuzemba funso, akunena zoona.

Koma dzina limene banja silikulimva silithandiza mwana. Labotale ikhoza kugwira ntchito yake bwino, komabe chiweruzo chomaliza chimaperekedwa pakhonde, pakati pa agogo, amalume ndi makolo, m'chinenero cha pakhomo. Apa ndi pamene ife ophunzira Chichewa tili ndi gawo. Tiyenera kukhala pansi ndi madokotala ndi anamwino, kumva zimene akufuna kunena, ndi kuyesa mawu athu pa anthu enieni tisanawalembe pazikwangwani za m'zipatala.

Mwana wa mlongo wanga amapitabe kukaonedwa pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Adokotala amayang'ana chipsera, amapapasa m'khosi, n'kulemba m'kabuku. Pofika kumapeto kwa chaka cha 2024 panali pasanamerenso kanthu. Patsaya pake patsala kamzere kakang'ono, ndipo anzake kusukulu akamufunsa amayankha kuti ndi pamene amalume ake anazula bowa.